Umphawi si kochi: tileke kunamiza anyamata a kudoko

Mwera ukavuta pa Nkhotakota mabwato amagona pamchenga ndipo alovi amasowa chochita. Kale masiku otere anyamata ankathera m'tinyumba toonetsera mafilimu, kuonera Bruce Lee ndi Jet Li. Lero amaunjikana pa foni imodzi, mitu pamodzi ngati nkhuku pa madeya, kuonera amuna awiri atatsekeredwa m'khola la waya akuswana ndi nkhonya, mateche, zigongono ndi mawondo, akugwetsana pansi ndi kukanyangana pakhosi mpaka wina agogode kuti zamukwana. Masewerawa dzina lake ndi MMA, ndipo kampani yaikulu imene imawayendetsa ndi UFC ya ku America.

Tsiku lina la mwera wotere mphwanga, mnyamata wa zaka 19 amene amachezera usiku kukoka chilimira, adandikhalira pafupi n'kundifunsa mosaseka. "Malume, Ngannou ankakumba mchenga ngati ife tomwe. Gorimbo adatsala ndi madola 7 okha, lero ali ndi nyumba ku America. Ine pa doko lino palibe amene angandigwetse. Chondiletsa n'chiyani?"

Ndidamuyankha mwachidule tsikulo, koma funso lake landikhala pamtima, chifukwa bodza limene lili m'kati mwake sadalipeke yekha. Tidamuphunzitsa ndife akuluakulu, m'manyuzi, pa wayilesi, pa guwa ndi pa misonkhano ya ndale. Bodzalo limati kuvutika kumaumba akatswiri, ndiye mwana wosauka safunika kum'patsa kanthu kena koma mawu olimbikitsa. Bodza limeneli timalikonda chifukwa silitidyera ndalama.

Tiyeni tiitsate bwino nkhani ya Themba Gorimbo, poti ndi mnansi wathu. Adabadwa mu 1991 ku Bikita, m'chigawo cha Masvingo ku Zimbabwe. Pofika zaka 13 adali atataya mayi ndi bambo omwe. Ali ndi zaka 16 ankakumba miyala ya dayamondi mozemba ku Marange, kumene agalu a achitetezo adamusiya ndi zipsera. Kenako adalowera ku South Africa, ulendo womwewo umene anyamata athu ambiri amayenda, n'kumakagwira ganyu ya m'maluwa. Kumeneko ndi kumene adaphunzira kumenya. Adayamba kumenyera ndalama mu 2013, ndipo mu 2019 adatenga lamba wa EFC, kampani ya MMA ya ku Johannesburg, m'gulu la olemera makilogalamu 77. UFC idamutenga. Nkhondo yake yoyamba, mu February 2023, adagonja kwa AJ Fletcher atamukanyanga pakhosi. Mu May chaka chomwecho adagonjetsa Takashi Sato wa ku Japan, ndipo ndi pamene adaulula kuti asanalowe m'kholamo ku banki kwake kudali madola 7.49, komanso kuti ankagona pampando m'jimu ya ku Miami. Adagulitsa zovala zimene adamenyera tsikulo, ndalama zake n'kukumbitsira mjigo kumudzi kwawo. Dwayne Johnson, katswiri wa mafilimu uja amati The Rock, amene nayenso ankati adatsalapo ndi madola 7 asanatchuke, adaimva nkhaniyo n'kumupatsa nyumba ku Miami.

Nkhaniyi ndi yokoma ndipo munthuyo ndi wa mtima wabwino, pamenepo sinditsutsa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tawerengani zaka. Munthu adamenya zaka 10 zathunthu, adakhalapo mwini lamba wa kampani yaikulu ya MMA kuno kumwera kwa Africa, adalembedwa ndi kampani yolemera kuposa zonse pa masewerawa, koma n'kukhalabe ndi ndalama zosakwana n'komwe kugula thumba limodzi la chimanga. Madola 7 amenewo sadali chiyambi cha ulendo wake monga amaganizira mphwanga. Adali malipiro a zaka khumi za kuthyoka nthiti. Ndipo chimene chidamuchotsa pampando wa m'jimu chidali chifundo cha munthu mmodzi wolemera amene mwamwayi adaona kanema pa foni yake. Kodi mwana wa pa doko la Nkhotakota akonze tsogolo lake podalira kuti The Rock adzakhala ali maso tsiku limenelo?

Nawo mjigo uja umandipweteka m'malo mondisangalatsa. Mudzi wa anthu okhoma msonkho ndi oponya voti udadikira mpaka mwana wawo wamasiye akamenyedwe kumaso ku Las Vegas kuti upeze madzi abwino. Ife tidaombera m'manja. Palibe amene adafunsa kuti oyenera kukumba mjigowo adali kuti zaka zonsezo.

Anyamata ayenera kudziwa mmene ndalama zimayendera m'masewerawa, chifukwa pa foni amangoona lamba wonyezimira. Wongolowa kumene mu UFC amalandira madola pafupifupi 10,000 kapena 12,000 pa nkhondo imodzi, ndipo amamuwonjezera ndalama yonga yomweyo akapambana. Mukazisintha m'makwacha zimaoneka ngati chuma cha mfumu. Koma pa ndalama imeneyo adyepo manijala, adyepo kochi, lidyepo boma la kumeneko pa msonkho, atsalepo zolipirira jimu, chakudya ndi lendi ya miyezi ingapo, popeza munthu amamenya kawiri kapena katatu pa chaka. Akavulala pokonzekera, nkhondo yalephereka, malipiro palibe. Akagonja motsatizana amamuchotsa. Salembedwa ngati wantchito, choncho za penshoni asaziyembekeze. Mu 2014 omenya ena, motsogozedwa ndi Cung Le, adakasuma kukhoti ku America kuti UFC imapondereza malipiro awo. Mlanduwo udatenga zaka khumi, ndipo udatha kampaniyo itavomera kulipira madola 375 miliyoni. Zikalata za mlanduwo zidaonetsa kuti omenya onse pamodzi ankagawana ndalama zosapitirira 20 pa 100 iliyonse imene kampani inkapeza, pamene osewera basketball mu NBA amatenga pafupifupi theka. Aliyense wa kunyanja akuimva bwino nkhani imeneyi. Ndi yomwe ija ya mwini bwato ndi alovi: amene amanyowa usiku wonse si amene amamanga nyumba ya malata.

Francis Ngannou, amene mphwanga amamutchula ngati mbale wake, ndiye mboni yanga yaikulu. Zoona, adabadwira ku Batié ku Cameroon ndipo ankakumba mchenga ali ndi zaka 10. Koma mchengawo sudamuphunzitse kumenya. Adachoka kwawo ali ndi zaka 26, adadutsa chipululu cha Sahara, adavutika ku Morocco, adawoloka nyanja pa kabwato ka mphira, adakhala m'ndende ku Spain miyezi iwiri, adagona panja ku Paris. Kumeneko adakumana ndi jimu ya MMA Factory ndi kochi Fernand Lopez, ndipo ndi pamene mphamvu zake zidasanduka luso. Mu March 2021 adagwetsa Stipe Miocic n'kukhala mwini lamba wa olemera kwambiri mu UFC. Mu January 2022 adauteteza kwa Ciryl Gane ali ndi bondo lovulala, pa malipiro olembedwa a madola 600,000. Patatha chaka adausiya lambayo n'kutuluka mu UFC, ndipo zina mwa zimene ankapempha zidali inshuwaransi ya zaumoyo ya omenya ndi ufulu wopeza okha makampani owathandiza. Ngati munthu woopsa kuposa onse padziko adaona kuti mgwirizano ukumumanga manja, nanga mwana wa ku Liwaladzi wosadziwa Chingerezi, akadzamuikira pepala patsogolo, adzatsutsa mzere uti?

Ndipo kumbukirani zimene Ngannou adachita atapeza bwino: adakamanga jimu kwawo ku Batié. Iye mwini sakhulupirira kuti mchenga ndi njala n'zokwanira. Akadakhulupirira akadawasiya ana a kwawo azikumbabe.

Timamva za Ngannou chifukwa adafika. Amene adamira pa nyanja ya Mediterranean ali m'mabwato onga lake sitiwadziwa maina. Kuno kwathu komwe, mu October 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mudapezeka manda a anthu pafupifupi 30 amene ankaganiziridwa kuti adali ochokera ku Ethiopia, olowera kumwera kukasaka moyo. Aliyense wa iwo adali ndi loto lake. Tikamauza mnyamata kuti "limba mtima ngati Ngannou" popanda kum'patsa chilichonse pano, tikumulozera msewu umenewo.

Ena adzati ndikuderera Amalawi. Ayi ndithu, luso lilipo ndipo umboni tili nawo pa nkhonya. Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre mu 1987, adalimbana ndi Tony Bellew kawiri mu 2013 ku England, koyamba n'kulepherana. Mu July 2016 adapita ku Yekaterinburg ku Russia n'kumaliza maraundi onse 12 ndi Sergey Kovalev, munthu amene ambiri ankamuthawa nthawi imeneyo. Mu 2018 adamalizanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol. Chaka chomwecho Anisha Basheel adapita ku London n'kutenga lamba wa Commonwealth m'raundi yoyamba. Koma Chilemba adakulira luso lake ku Johannesburg. Tidamuberekera ena, ena adamulera, ndipo ife tidangofika pa tsiku lokupiza mbendera. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ng'ona zathu zonse zikamakulira m'maiwe a eni, tivomereze kuti dziwe lathu lidaphwa.

Nkhotakota iyenera kuimva nkhani imeneyi msanga kuposa maboma ena. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika pano, gombe lino lidali potulukira anthu zikwizikwi amene ankawolotsedwa nyanja n'kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone adakumanirana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 timauonetsabe kwa alendo. Sindikunena kuti MMA ndi ukapolo. Womenya amalowa m'khola mwa kufuna kwake ndipo ena amalemera nazo. Ndikunena kuti dera lino lidaphunzira movutika funso limodzi limene siliyenera kuiwalika: thupi lamphamvu la mwana wathu likamachoka pagombe, akupindula ndani, ndipo akadzathyoka adzam'bweza ndani?

Kuthyokako si nthano. Pa 27 February 2014, Booto Guylain wa ku Congo adamenyedwa zigongono m'mutu pa nkhondo ya EFC ku Johannesburg. Adathamangira naye kuchipatala, adamuchita opaleshoni, koma adamwalira pa 5 March ali ndi zaka 29. Izi zidachitika mumzinda wa zipatala zazikulu ndi madokotala a ubongo. Tsono ganizani mnyamata atakomoka pa mpikisano wokonzedwa mwachisawawa kuseri kwa malo omwera mowa ku Dwangwa. Kuchoka pa boma la Nkhotakota kukafika ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo msewu wa M5 tonse tikuudziwa mmene umakhalira madzi akasefukira. Magazi akamatayikira mu ubongo sadikira kuti ambulansi ipeze mafuta. Palinso ngozi ina imene siioneka pa foni: omenya amadziumitsa thupi, kusala madzi ndi chakudya masiku angapo kuti akwane pa sikelo. Kumene kuli madokotala anthu amakomoka nazo. Nanga mnyamata akazitengera pa YouTube m'mwezi wa October pa Nkhotakota?

Pamenepa akuluakulu ena a mpingo ndi a kumzikiti adzati ndanena ndekha, masewerawa aletsedwe, si chikhalidwe chathu. Bambo anga m'chikhulupiriro, ndikukulemekezani, koma pa mfundo iyi tisiyana. Anyamata a kunyanja akhala akugwetsana pamchenga kuyambira kale, abusa a ng'ombe akhala akuyesana mphamvu kudambo, ndipo foni ili kale m'manja mwawo. Mukaletsa, simuthetsa ndewu. Muchotsa woyimbira, sikelo ndi dokotala, n'kusiya ndewuyo m'manja mwa obetcha. Mnyamata amene amaphunzira kumenya pansi pa mphunzitsi wabwino amaphunziranso kugona msanga, kusiya kachasu ndi chamba, kugwira chanza munthu amene wamugonjetsa. Amene amavuta pa doko si ophunzitsidwa, ndi osaphunzitsidwa.

Ena adzati dziko losowa mankhwala m'zipatala lisataye ndalama pa anthu omenyana. Mfundo imeneyi ndi yolemera ndipo sindiipeputsa. Koma sindikupempha bwalo la mabiliyoni. Taonani ku Senegal. Kumeneko kugwetsana kwa makolo ndi masewera otchuka zedi, ndipo anyamata amakonzekera pamchenga wa m'mbali mwa nyanja. Mu 1994 boma lidakhazikitsa komiti yoyendetsa masewerawo, yopereka ziphaso ndi kuika malamulo. M'madera muli magulu ophunzitsira, ndipo womenya amakwera pang'onopang'ono, akudya ndalama za kwawo komweko. Oumar Kane, amene amamutcha Reug Reug, adakulira ku Thiaroye, dera la asodzi pafupi ndi Dakar. Adatchuka kaye pa kugwetsana kwawo, kenako adalowa MMA, ndipo mu November 2024 adagonjetsa Anatoly Malykhin n'kutenga lamba wa olemera kwambiri wa kampani ya ONE Championship. Sadafunike kuwoloka Sahara. Pamene ankatuluka m'dziko mwake adatuluka ali ndi dzina, ali ndi luso, ali ndi mtengo wake. Ku Dagestan nakonso, kwawo kwa Khabib Nurmagomedov amene adapuma atapambana nkhondo zonse 29, chinsinsi si umphawi wa m'mapiri. Ndi aphunzitsi onga bambo ake, Abdulmanap, ndi timagulu ta kugwetsana timene mwana amalowa ali wamng'ono. M'mera m'poyamba.

Mchenga umene ali nawo a ku Thiaroye ife tili nawo, kuyambira ku Chia mpaka ku Dwambazi. Anyamata a mapewa okhwima ndi nkhafi tili nawo. Chimene tilibe ndi dongosolo, ndipo dongosolo silidula ngati mmene amatinamizira.

Choyamba, a Malawi National Council of Sports ndi a unduna woona za masewera aike malamulo omveka a MMA asanatikakamize ndi maliro. Pasakhale mpikisano wopanda dokotala ndi galimoto yodikira pakhomo. Aliyense ayezedwe asanamenye, amenye ndi wolemera ngati iye, ndipo amene wakomoka apume miyezi yoikika asanalowenso. Ana asamenyane m'mutu. A Malawi Professional Boxing Control Board ali ndi luso la zimenezi pa nkhonya. Asayambe ena kufufuza njira imene anzawo adaiyenda kale.

Chachiwiri, mgwirizano uliwonse wa womenya ndi wokonza mpikisano kapena manijala ulembedwe m'chilankhulo chimene womenyayo amamva, ndipo kope lake likasungidwe ku bungwe. Ndalama za womenya zisungitsidwe belu lisanalire. Nkhani za ankhonya odandaula kuti sadalipidwe atamenya kale si zachilendo m'dziko muno, ndipo palibe chifukwa choti MMA iyambire pa matenda omwewo.

Chachitatu, khonsolo ya Nkhotakota iyambe ndi chotsika mtengo kuposa zonse: kugwetsana pamchenga, kopanda nkhonya. Madoko athu ali kale ndi makomiti a m'mbali mwa nyanja, aja timati ma BVC, amene amadziwa mnyamata aliyense ndi bwato limene amakwera. Aphunzitseni anthu awiri pa doko lililonse malamulo ndi chithandizo choyamba. Sikelo abwereke kwa ogula mpunga. Mpikisano uzichitika m'miyezi ya mwera, June ndi July, pamene nyanja yawakaniza kale anyamatawo, doko ndi doko mpaka pa boma. Atsikana asatsalire, Basheel adatisonyeza kale. Amene waoneka bwino apite ku magulu a judo ndi nkhonya a m'mizinda, ndipo za khola la waya zibwere pambuyo pake.

Ndalama zake zichokere kuti? Aphungu ndi makhansala athu amapeza mamiliyoni a zikho za mpira chisankho chikayandikira, zikho zimene zimafa tsiku lowerenga mavoti. Amapeza za mayunifomu olembedwa maina awo kumsana. Gawo laling'ono la ndalama zoterozo lingalipire mphunzitsi chaka chonse. Vuto lake ndi lakuti mphunzitsi saoneka pa chithunzi ngati mmene chimaonekera chikho. Koma mudzaone tsiku limene mwana wa ku Nkhotakota adzapambane kunja atadzivutikira yekha: adzakhala oyamba kukamuchingamira ku Kamuzu International Airport, atanyamula maluwa ndi zolankhula zolembalemba za mmene umphawi sungaletse munthu.

Umphawi umaletsa anthu tsiku ndi tsiku. Umaletsa mwana kudya mokwanira kuti akonzekere, umamuletsa kupuma akavulala, umamusainitsa pepala loipa chifukwa kunyumba kulibe ufa. Gorimbo ndi Ngannou adapambana ngakhale adali osauka, ndipo adapambana atafika kumene kudali aphunzitsi, majimu ndi malamulo. Amene amatembenuza nkhani zawo kuti zikhale zotamanda kuvutika akubera anyamata athu kawiri: sawapatsa kanthu, kenako amawauza kuti kusowako ndi mphatso.

Mwera utaleka mphwanga adabwerera pa nyanja. Asanakankhe bwato ndidamuuza kuti, "Mphwanga, mphamvu uli nazo, sindikukana. Koma Gorimbo adaphunzira zaka zambiri asanaoneke pa foni yakoyo, ndipo adali ndi omuphunzitsa. Usathamangire ku Joni ndi mapewa okha. Sonkhanitsa anzako, mulembe bwalo pamchenga, mugwetsane popanda kumenyana m'mutu, ndipo mupite kwa khansala mukamufunse za mphunzitsi. Akakuuzani za Ngannou, mumufunse kuti jimu yonga ya ku Batié aimanga liti kuno."

Adaseka n'kunena kuti, "Malume, inuyo mukalembe m'nyuzi, mwina akamva." Ndalemba. Bwalo lija adalilemba kale ndi chala cha kuphazi, pafupi ndi pamene amayanika usipa, ndipo madzulo alionse amagwetsana okha popanda woyimbira. A khansala, a DC, a bungwe la masewera: mufika liti pa doko, kudakali kuseka kapena tikadzayala mphasa za maliro?